Ndinameta Ndevu Sewero Lisanathe

Inu owerenga, ine ndinadzichotsa ndekha ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinapezapo, ndipo chida chake chinali lumo la wometa wa pamsika wa Chawama. Palibe anandichitira kaduka, palibe anandilodza, ngakhale kuti kwa zaka zingapo ndinkauza anthu choncho. Bodzalo ndatopa nalo. Ndikulemba izi chifukwa ndikuona achinyamata ambiri akuthamangira masewero a pa TV, ndipo ena mwa iwo ali ndi mtima ngati wangawu, wosatha kukhala pansi n'kudikira.

Ndinabadwira ku Chawama konko, mu Lusaka. Bambo anga anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, nakhala telala wa pakhonde la sitolo mpaka pamene zovala za salaula, zakaunjika zija, zinadzaza misika, anthu n'kusiya kusoketsa. Ine ndinali kalaliki wosunga katundu pa kampani ina ya boma. Boma litayamba kugulitsa makampani ake, mabwana athu anatiitana tsiku lina m'mawa, natipatsa makalata, basi ntchito yathera pomwepo. Ndinali ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo bambo ankakhala nafe chimwalirireni mayi.

Ulova unandipweteka kwambiri chifukwa ine chibadwire sinditha kukhala malo amodzi. Ndinkadzuka m'mamawa ngati wopita kuntchito, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni, kuzungulira maofesi, n'kubwerera nsapato zili mbuu. Kumeta ndinasiya. Ndimetere ndani? Ndevu zinakula zaka ziwiri zathunthu, zambiri, zokhala ndi kadera ka imvi kumanzere kwa chibwano, moti anthu osandidziwa ankandipatsa moni wa munthu wachikulire pamene ndinali ndisanafike n'komwe zaka makumi anayi.

Chimene chinandiletsa kupenga chinali gulu la zisudzo la kutchalitchi kwathu. Tinkachita masewero ophunzitsa za edzi m'misika ya Kanyama ndi Matero, pabwalo, popanda chokuzira mawu. Ndinali katswiri, ndisanamizire kudzichepetsa. Ndikakuwa, amayi ogulitsa tinsomba ta kapenta kumapeto kwa msika ankasiya makasitomala n'kutembenuka. Bambo okha ndiwo sankasangalala nazo. Ankati munthu wa ana awiri sangamavine pamsika ngati wopanda kwawo.

Tsiku lina ku Matero, titamaliza sewero, anandipeza mayi wina wamfupi, wovala magalasi, wochokera ku Kitwe. Dzina lawo ndingoti ba Chileshe. Anali ndi kakampani kawo kojambula, kamodzi mwa timakampani timene tinkayamba masiku amenewo, ndipo ankakonza sewero la zigawo khumi ndi zitatu loti lizionetsedwa pa TV mlungu uliwonse. Ankafuna munthu wosewera ba Sakala, kalipentala wouma mtima amene mwana wake wamkazi athawa pakhomo, iye n'kumusaka mu Lusaka monse mpaka kudzakhululukirana kumapeto. Sewero lonse linkayenda pamsana pa ba Sakala. Ndipo gawo limenelo anapatsa ine, lova wa ku Chawama!

Zovala masiku amenewo aliyense ankabwera ndi zake. Ine ndinalibe jekete looneka la munthu wamkulu, ndiye ndinalimba mtima kupempha la bambo, la bulauni, limene anasoka okha ndipo ankavala popita ku mgonero basi. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Koma atamva kuti ndi za pa TV ndiponso pali malipiro, anandiimika pakati pa nyumba, nandiyeza mapewa ndi tepi yawo yakale, n'kukhala pamakina tsiku lonse kulibweza kuti lindikwane. Kwa nthawi yoyamba chichokereni pa ntchito, ndinaona bambo akundiyang'ana ngati munthu amene ali ndi kopita.

Tsiku loyamba kujambula, ba Chileshe anandijambula chithunzi kutsogolo ndi m'mbali, nachimata m'buku lawo. Kenako anandigwira ndevu ndi zala ziwiri nati, "Ba Sakala, ndevu izi manje ni zanga. Na jekete iyi ni yanga. Osagwirako mpaka ine nikakambe kuti tasiliza." Onse anaseka, inenso ndinaseka. Mumtima ndinkati mayiyu akundiphunzitsa chiyani ine, munthu woti ndasewera pamaso pa msika wonse wa Kanyama?

Apa ndi pamene panagona uchitsiru wanga, ndipo inu amene mukuchokera ku zisudzo za pabwalo mumvetsetse. Pabwalo sewero limayamba, n'kutha tsiku lomwelo. Mawa ukhoza kubwera ndi malaya ena, palibe angakufunse. Pa kamera si choncho. Munthu amatuluka pakhomo lero, koma kunja kwa khomo lomwelo amakafikako mwezi wamawa, ndipo woonera ayenera kukhulupirira kuti ndi kamphindi kamodzi. Kapu ukainyamula ndi dzanja lamanja, uinyamulenso ndi lamanja kasanu konse. Ndinaphunzira kutsitsa mawu, ndinaphunzira kusayang'ana m'diso la kamera, ndinaphunzira kuima pa kamwala kamene andiikira. Koma kudikira kokha kunandikanika. Tinkafika dzuwa likutuluka, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka masana kudikira kuti tambala wa oyandikana nawo atonthole kapena magetsi ayake. Anzanga ankaloweza mawu awo mwakachetechete. Ine ndinkangozungulira bwalo ngati nkhuku yofuna poikira, ndikudandaula.

Tinayamba ndi zochitika zonse za m'nyumba, chifukwa nyumba imene anabwereka ku Kalingalinga eni ake anaipereka kwa milungu itatu yokha. Choncho tinajambuliratu ngakhale mapeto a sewero, pamene ba Sakala akhululukira mwana wawo. Mtsikana wosewera mwanayo anagwada, ine ndinamudzutsa, ndipo misozi inandituluka yeniyeni, yosaitana. Ba Chileshe atanena kuti kamera iime, wonyamula chojambulira mawu anali akupukuta m'maso. Sindinasewerepo bwino choncho, kale kapena pambuyo pake. Ndipo m'mutu mwanga ndinangoti, mapeto tajambula, ndiye kuti ntchito yatsala pang'ono. Sindinafunse. Chonsecho zochitika zonse zapanja, ba Sakala akusaka mwana wawo m'misewu, m'misika ndi m'mabasi, zinali zisanakhudzidwe n'komwe, ndipo ndizo zinali theka lalikulu la sewerolo.

Kenako kamera inachoka. Inali yobwereka, ndipo mwini wake anapita nayo ku Livingstone kukagwira ntchito ina. Ba Chileshe anatiuza kuti tipume milungu iwiri, uthenga adzasiya kwa abusa athu, poti mafoni a m'manja anali a mabwana okha nthawi imeneyo.

Milungu iwiri inatha, zii. Yachitatu, zii. Abale inu, ndinavutika! Tsiku lililonse ndinkapita kunyumba ya abusa mpaka amayi abusa anayamba kundiyankha ndisanafunse. Katatu konse ndinayenda wapansi kukafika ku kaofesi ka ba Chileshe m'tauni, katatu konse ndinapeza loko. Pokwerera basi ndinakumana ndi wina wa m'sewerolo amene anati wamva kuti zonse zagwa. Wina anati ayi, ayambiranso koma ndi anthu ena. Ndinkakhala pansi, kudzuka, kutuluka, kulowanso. Mkazi wanga, yemwe ankatidyetsa ndi kugulitsa tomato pamsika, anafika pondiuza kuti ndikumuzunguza mutu, ndipite ndikathandize abambo kutong'ola chimanga kapena ndikagone.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi, mnzanga wa ku zisudzo, ba Mutale, anabwera akupuma wefuwefu. Kunabwera anthu ojambula uthenga wamalonda wa sopo watsopano, wochokera kunja, ndipo ankafuna amuna atatu ovala malaya oyera. Ntchito ya tsiku limodzi, malipiro pompopompo. Koma ankafuna nkhope zosalala, za anthu ooneka osamba. Ba Mutale anandiyang'ana chibwano nati, "Mudala, vija va ba Chileshe vinafa kudala. Uzasunga ndevu mpaka liti, uli Mose?"

Tsono mverani apa, chifukwa ndi pamene ndimadzida kwambiri. Kunyumba kwa ba Chileshe ku Mtendere ndinkakudziwa. Ndinakaperekezako katundu tsiku lina. Minibasi ziwiri zokha, kapena maola awiri wapansi, ine amene ndinkayenda Lusaka yense popanda chifukwa. Sindinapiteko. Si kuti ndinaiwala ayi. Ndinkadziwa kuti akandiuza kuti ndisamete, ndipo sindinkafuna kumva zimenezo. Ndinkangofuna kuchita kanthu, kalikonse, m'malo mokhala.

Mkazi wanga anandigwira mkono pakhomo. Anati, "Inu, si paja anakuuzani kuti musazigwire? Mwadikira milungu isanu, mulephera masiku ochepa?" Ndinamuyankha mwamwano kuti za kanema sazidziwa, asamale za tomato. Ngakhale wometa uja anaima lumo lili m'manja, nandifunsa kawiri ngati ndikunenadi zonse. Ndinati zonse. Zaka ziwiri zinagwera pa nsalu yake m'kanthawi kochepa, kadera ka imvi kaja kali pamwamba. Nditafika kunyumba bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinawanamiza kuti mbali ya ndevu tinamaliza kujambula.

Za sopo zija musafunse n'komwe. Ndinaima pamzere kumbuyo kwa mayi wina wokongola, ndikumwetulira tsiku lonse mpaka masaya kuwawa. Uthengawo utatuluka, chimene chinaoneka cha ine chinali khutu ndi phewa. Ndevu zikanakhalapo, palibe akanaziona.

Patangopita masiku atatu chimetereni, amayi abusa anabwera okha kunyumba, akusangalala kuti andibweretsera nkhani yabwino. Kamera yabwera, Lolemba m'mawa tikumane ku Kalingalinga, ndibwere ndi jekete. Ananena mawuwo akundiyang'ana chibwano, chimwemwe chawo chikuzima pang'onopang'ono.

Ngakhale apa ndikanatha kuthamangira ku Mtendere kukaulula, kuti mayiyo akhale ndi masiku awiri oganiza chochita. M'malo mwake ndinachita za pabwalo. Ndinabwerera kwa wometa uja kukapempha tsitsi la anthu ena limene anasesa, ndinagula guluu womatira nsapato, ndinapala choko cha ana kuti ndipange imvi. Ku Kanyama tinkachita zimenezi kawirikawiri, anthu n'kumaombera m'manja. Lolemba ndinadzimata kuseri kwa chimbudzi cha ku Kalingalinga, khungu likuyabwa ngati ndadzola chitedze, n'kutulukira pagulu nditatsitsa chipewa.

Ba Chileshe sanafunikire n'kuvula chipewacho. Anandiona ndili patali, nasiya zimene ankalankhula. Anthu oposa khumi anali pamenepo, galimoto yobwereka ili poteropo, kamera ili kale pamiyendo yake. Wina anayamba kuseka koma anadzigwira pakamwa. Mayiyo sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anandiimika patsogolo pa kamera, kenako anandiitanira pa ka TV kakang'ono koonerapo zimene zajambulidwa. Anandionetsa ba Sakala akutsegula chitseko kuti atuluke, ndevu zili bwinobwino, kadera ka imvi kakuwala. Kenako anandionetsa ine wa tsikulo, tsitsi la eni ake litayamba kale kusomphoka ndi thukuta, mbali ina likulendewera. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Ba Sakala, nyumba yanga simuiziba?"

Ndinayamba kulonjeza kuti zimera msanga, andipatse mwezi umodzi. Anapukusa mutu. A ku TV anali atawapatsa kale tsiku loyambira kuonetsa, kamera inali yawo kwa milungu itatu yokha, ndipo ndevu za zaka ziwiri sizimera pa mwezi. Kuyambiranso za m'nyumba sikukanatheka, eni nyumba anali ataikamo kale alendi. Mtsikana wosewera mwana wanga uja anakhala pa njerwa n'kuyamba kulira, chifukwa anazindikira msanga kuposa ine kuti zochitika zake zazikulu zonse zinali ndi ine, ndipo zapita. Sindinadziphe ndekha, ndinagwetsa ndi mwana wa eni wosalakwa.

Ba Chileshe anatembenuza mapepala awo. Kenako anatambasula dzanja nati, "Nipaseni jekete." Ndinavula jekete la bambo anga n'kupereka. Ndinabwerera ku Chawama wapansi, wamalaya okha, ndikusupula guluu kumaso njira yonse mpaka khungu kutuluka magazi. Kunyumba ndinanena kuti ndinadzicheka pometa, ndipo jekete akusunga ku ofesi kuti lisade. Mkazi wanga ankadziwa kuti ndi bodza. Bambo anakhulupirira. Milungu yotsatira ndinkatuluka m'mawa uliwonse ngati ndikupita kojambula, n'kumangozungulira m'tauni.

Sewero linayamba kuonetsedwa Lamlungu lililonse chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Ife TV tinalibe, tinkakaonera kwa oyandikana nawo, ndipo anthu ankadzaza mpaka pawindo. Bambo ankavala malaya awo abwino, ine n'kuwanyamulira mpando, n'kukhala kutsogolo penipeni. Zigawo zitatu zoyamba zinali za m'nyumba zokhazokha. Ndikaoneka, nyumba yonse inkakuwa. Bambo ankatembenukira aliyense n'kumati, "Mwana wanga uyo. Jeketelo ndinasoka ndine." Munthu amene ankati ndikuvina pamsika! Ndinkamwetulira, koma mtima uli m'mwamba, chifukwa sindinkadziwa chimene ba Chileshe anachita ndi ba Sakala. Lamlungu lililonse ndinkati ndiwauza bambo lero, Lamlungu lililonse ndinkalephera.

Gawo lachinayi, ba Sakala anatsegula chitseko chija, nkhope yanga ili gwa, ndevu zili mbwee. Chithunzi chinasintha. Tsopano tinkaona ba Sakala chakumbuyo, atavala chipewa ndi jekete la bulauni, akuyenda mumsewu wafumbi kulowera kokwerera basi. Anthu anaombera m'manja, wina anandimenya pamsana. Bambo okha sanaombe. Anasendera kutsogolo, natsinzinira diso limodzi monga ankachitira polowetsa ulusi pa singano. Kenako ananena, osakweza mawu, koma onse anamva:

"Jeketelo ndi langa. Koma mapewawo si a mwana wanga."

Pa TV panamveka kulira kwa mabuleki a minibasi ndi kukuwa kwa anthu, chipewa chikugubuduka mumsewu. Ba Sakala anafera pomwepo, m'gawo lachinayi la sewero limene linayenera kukhala lawo mpaka kumapeto. Bambo anatembenuka kundiyang'ana chibwano, nadzuka, nanyamula okha mpando wawo. Mlungu wotsatira anthu a ku Chawama anaonera maliro anga, chithunzi chija cha m'buku la ba Chileshe chili pa bokosi. Ine sindinapiteko. Zochitika zija za kukhululuka, zimene ndinalira misozi yeniyeni, palibe munthu anazionapo mpaka lero.

Anthu a kanema mu Lusaka anali ochepa, onse odziwana. Ba Chileshe sanandinenere zoipa kwa wina aliyense, koma anthu oposa khumi aja anali ndi pakamwa. Kulikonse kumene ndinkapita kukayesedwa, ndinkangolowa anthu n'kuyamba kugwirana zigongono. Ndevu zinameranso, imvi zinachuluka, koma palibe anazifuna. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndiyambenso kuitanidwa, ndipo mpaka pano ndimasewera mlonda, wodwala wa pabedi lachitatu, kapena mkulu wa mpingo wongogwedeza mutu. Amene anatenga malo aakulu m'sewero lija, wosewera malume a mtsikanayo, anatchuka dziko lonse.

Ndiye inu amene mwapatsidwa gawo, kaya lalikulu kaya la mawu awiri, ndikukupemphani. Kuyambira tsiku loyamba kujambula mpaka wotsogolera atanena ndi pakamwa pake kuti mwamaliza, thupi lanulo mwabwereketsa. Musamete, musaluke tsitsi lina, musadzole zoyeretsa khungu, malaya a m'sewero musabwereke mlamu wanu wopita ku ukwati. Musadziwerengere nokha kuti ntchito yatha chifukwa mwajambula mapeto, funsani kuti zatsala ndi ziti. Ntchito ina ikabwera pakati, si tchimo, tonse timafuna kudya, koma pitani mukafunse kaye, ngakhale mukudziwa kuti yankho silikukomerani. Ndipo mukalakwitsa, kaululeni tsiku lomwelo anthu asanabwereke galimoto. Guluu ndi choko kamera siinamizika nazo.

Koposa zonse phunzirani kudikira, chifukwa ntchito imeneyi mbali yake yaikulu ndi kukhala pansi pa mtengo. Lero muli ndi mafoni m'matumba, koma mtima wothamanga ndi womwe uja. Ndimawaona achinyamata kojambula akuzungulira bwalo, akudandaula kuti nthawi ikutha, ndipo ndimawaitana kuti adzakhale pafupi nane. Ena amamva, ena amandiona ngati nkhalamba yolongolola.

Jekete lija ba Chileshe analitumiza kwa abusa sewero litatha, lochapidwa bwino, lili m'pepala lapulasitiki. Msoko wa paphewa unali utaphwasuka chifukwa amene analivala anali wamkulu thupi kuposa ine. Bambo sanandikalipire, ngakhale tsiku limodzi. Anakhala pamakina awo, maso akuwavuta, nabweza msokowo pa muyeso wanga, osati wawo. Pondipatsa anati ndilisunge bwino, mwina adzandiitananso. Lamlungu lililonse ankandifunsa ngati kwabwera uthenga kwa abusa, ndipo anafunsa choncho zaka zitatu mpaka anamwalira. Pamene ndinadzaonekanso pa TV, ndili mlonda wotsegula geti, mpando wawo unali ulibe munthu.